Chipande Chinamira Kamodzi

Ana anga, Lonjezo, Tadala ndi iwe Mphatso, mwandikakamiza mokwanira kuti ndilembe za ntchito yanga, pakuti tsopano ndinapuma ndipo ndimangokhalira kukangana ndi nkhuku pakhonde. Chabwino, ndalemba. Za ubwana wanga ku Thyolo, m'malaini a esiteti ya tiyi kumene agogo anu anali kalaliki, mukuzidziwa kale, ndazibwereza mpaka mumathawa ndikangoziyamba. Ndiyambira pamene ndinayamba kugwira choko. Nkhani iyi sindinauzepo aliyense wa inu, ndipo bambo anu anapita kumanda akudziwa theka lokha. Muwerenge mpaka kumapeto musanayambe kuimbirana mafoni.

Chaka choyamba pa ntchito, Januwale

Kalata inanditumiza ku Salima, pasukulu ina ya mishoni chakumtunda kwa Khombedza. Ndinatsika basi pa Khombedza ndi sutikesi ya malata ndi mphasa yokulunga, nditavala nsapato zoyera. Zoyera, abale, m'dzinja, m'matope a ku Salima! Pofika pasukulupo zinali zitasanduka zina. Ahedi anali a Gwaza, bambo wamfupi amene ankamanga tayi ngakhale kutenthe chotani. Choko ankachisunga m'chitini chokhoma ndi loko. Lolemba lililonse ankatipatsa tiwiri, ndipo Lachisanu tinkabweza totsala kuti aone ngati sitinasakaze. Anandipatsa Sitandade 2, kalasi yake pansi pa mtengo wa mango, bolodi lake chitseko chakale chopakidwa makala a m'mabatire. Buku lowerengera linali limodzi, langa lomwe, ndipo mvula ikabwera tinkathamangira m'tchalitchi. Zonsezi sindinadandaule nazo. Ndinali woyamba kwathu kulowa koleji, ndipo kunditchula kuti Madamu kunkandikwanira.

Nyumba ndiye panalibe. A Gwaza anati ya aphunzitsi achikazi inagwa chaka chathacho. Motero wapampando wa komiti ya sukulu, a Jailosi, ananditengera kwa mlamu wawo, a Nambewe, amene mwamuna wawo, mng'ono wa a Jailosiwo, anali atamwalira miyezi ingapo m'mbuyomo. Musaganize za nkhalamba yofatsa. A Nambewe anali mayi wa zaka ngati makumi anayi, wamtali, wa mawu omveka kutsidya la dambo, wofulula mowa wamasese wotchuka dera lonselo, ndipo pakamwa pawo panali pakuthwa. Pamudzipo anabwera chitengwa, kutsata mwamuna, ndipo kwawo kunali kutali ndithu. Akuchimuna anali atagwirizana kuti awasiyire nyumba ndi munda wa mpunga kudambo, bola adzathetse bwino maliro pa bona, mowa wotsiriza uja wotsanzikana ndi womwalira.

Tsiku loyamba anandiyang'ana kuchokera kunsapato mpaka kumutu.

"Madamu, mumadziwa kusinja?"

"Pang'ono, mayi."

"Pang'ono ndiye kuti ayi. Nanga kutunga madzi pamutu?"

"Kwathu kunali mpopi."

"Asa! A Jailosi mwandibweretsera khanda lovala wotchi."

Tinkakangana pafupifupi tsiku lililonse, za mchere, za wailesi yanga, za chitseko chimene ndinkaiwala kutseka mbuzi n'kulowa. Pamowa wawo sankandilola n'komwe kuyandikira. Ankati manja a choko amazizitsa mowa. Mpingo wathu sunkaletsa masese, koma ine ndinalibe nazo chidwi, moti ndinakhala miyezi isanu ndi itatu m'nyumba ya wofulula osadziwa kuti chimera amathira liti.

Chaka chomwecho, Epulo mpaka Ogasiti

Bambo anu anali mlangizi wa thonje. Anabwera pasukulu ndi njinga ya belu kudzaphunzitsa ana za mbozi, ndipo anapempha choko kwa ine, ine wa tiwiri pa sabata! Ndinawathyolera theka, ndipo Lachisanu a Gwaza anandikalipira. Zimene zinatsatira sizikukukhudzani. Iwe Lonjezo, ndikudziwa kuti unawerenga kale pa zala miyezi ya pakati pa ukwati wathu ndi kubadwa kwako, ndipo unakhala chete mwaulemu. Unawerenga bwino.

Pofika Ogasiti ndinali nditadziwa kuti ndili ndi pakati. Bambo anu anali atatumizidwa kumaphunziro kwa miyezi itatu. Ndinawalembera kalata, anayankha bwino, anati ankhoswe awo adzapita ku Thyolo mu Okutobala iwo akangobwerako. Vuto linali kufika Okutobalayo. Masiku amenewo, pasukulu ya mishoni, mphunzitsi wamkazi wosakwatiwa, amene ntchito sanamutsimikizire, akapezeka ndi mimba ankangomupatsa sutikesi yake. Panalibe kukambirana. Ndinkaganiza za bambo anga atandiperekeza kudepoti atavala jekete, akuuza aliyense kuti mwana wawo ndi mphunzitsi.

Pamudzi maso sagona. Njinga ya belu ija anthu anali ataiona kangapo itatsamira pamtengo wolakwika. Tsiku lina a Gwaza anandiitanira mu ofesi, natseka chitseko, nakonza tayi.

"Madamu, anthu akuyankhula."

"Akuti chiyani, ahedi?"

"Musandichititse manyazi ondinenetsa. M'dirowamu muli kalata yopita ku ofesi ya maphunziro. Sindinasaine. Komiti ikhala kumapeto kwa Sepitembala, ndipo a Jailosi akuti amayi awiri achikulire adzakuoneni. Ngati ndi bodza, ndi bodza. Ngati ndi zoona, dzina langa ndidzalemba pamenepo, sindingachitire mwina."

Ndinati ndi bodza. Ndinanena ndikuwayang'ana m'maso, kenako ndinatuluka n'kukasanza kuseri kwa tchalitchi. Kunyumba a Nambewe anasintha. Chimene chinandiopsa n'chakuti anasiya kukangana nane. Mbuzi zinalowa m'nyumba kawiri, iwo anangozitulutsa mwakachetechete. Ine ndinali nditayamba kulakalaka dothi, moti ndinkapita kuseri kwa nyumba kukabenthula la chiswe pakhoma, ndikumayang'ana uku ndi uku ngati wakuba.

Sepitembala, Lachitatu la sabata ya bona

Chaka chimenecho chimanga sichinachite bwino. A Nambewe anasonkhanitsa movutikira chimera chokwanira mgolo umodzi waukulu, anachimeretsa m'masaka, anachiyanika pamphasa akuthamangitsa nkhuku ndi mwano. Mabanja ena a pamudzipo ankafululanso wawo wothandizira, koma mowa wa mkazi wamasiye ndiwo unali mwini tsiku. Ndiwo ukanayamba kulawidwa, ndiwonso akanathira pansi kupatsa womwalira. Lolemba anaphika phala loyamba, litazizira anathira chimera, nalisiya kuti ligone. Lachitatu linali tsiku lowiritsa kachiwiri.

Lachiwiri madzulo anandiuza osandiyang'ana: "Mawa mukaweruka musachedwe. Muli ndi ntchito pamgolo."

Ndinayesa sindinamve bwino. "Ine, mayi? Wa manja a choko?"

"Kodi muno muli Madamu angati?"

Safunsa anadya phula, koma munthu ameneyu sunkamufunsa kawiri. Nditaweruka chakumasana ndinapeza zinthu zosamveka. Mowa nthawi zonse ankaphikira kuseri kwa nyumba, koma tsikuli mgolo unali pamafuwa kumaso, m'mbali mwenimweni mwa njira yopita kusukulu ndi kuchitsime. Mowa amayamba kuwiritsa mbandakucha, koma iwo anali atangosonkha kumene moto, dzuwa lili paliwombo. Amayi awiri achikulire amene anabwera kudzathandiza anakhala pamthunzi akung'ung'udza kuti ndani anaphikapo mowa masana m'Sepitembala ku Salima. A Nambewe anandimangitsa chitenje, anandipatsa chipande chachikulu chamtengo, nandiimika pafupi ndi mgolo.

"Mvetserani, chifukwa sindibwereza. Likayamba kuwira, pamwamba pabwera thovu. Muziliyengula. Chipande muzichigoneka chonchi, chizingopsopsona pamwamba, kukokera thovu kumbali, n'kulitapa. Muzithira m'phale ili, likadzaza mukataye kudzala. Mukalisiya lisefukira n'kuzimitsa moto, kapena limira n'kuwawitsa mowa, anthu adzadzuka mitu ikung'ambika."

"Ndamva. Nanga kutakasa?"

"Mthiko musaugwire."

"Nkhuni zikatha ndisonkhezere?"

"Moto musaugwire. Kulawa musalawe. Chala chisakhudze. Thovu lokha, pamwamba pokha. Chipande chisamire, mwamva? Chisamire."

Sindinamvetse. Ngati ankafuna thandizo, bwanji osandipatsa ntchito yolemetsa, pakuti ine ndinali mtsikana ndipo iwo thukuta linali kamukamu? Ngati sankandikhulupirira, anandiitaniranji? Ndinangoyamba. Ntchito yake imaoneka yachibwana koma si yachibwana. Thovu limayamba loyera, lopyapyala, m'mbali mwa mgolo, kenako limakhuthala n'kuda, lodzaza gaga, timizu ta chimera ndi phulusa louluka pamoto. Ukayengula uku, uko labwera kale. Nthunzi inkandiwotcha dzanja, utsi unkandiliza, ndipo fungo lowawasa la phala logona lija, kwa munthu wa mmene ndinaliri, ha! Ndinkameza malovu ndi kuluma mlomo. A Nambewe ankabwera ndi mthiko wawo wautali, kutakasa pansi kuti lisapserere, n'kundikankha ndi chigongono.

Kenako ndinaona kuti anthu odutsa akuima. Amayi opita kuchitsime, amene masabata apitawo ankasiya nkhani ndikamayandikira, anatula zidebe nandipatsa moni woomba m'manja. Wina anati, "Iii, ndi Madamu amenewa? Ndiye anthu ali ndi pakamwa!" Ndinkangoyankha moniwo ndili kakasi. Phale litadzaza kachitatu ndinadutsa pamthunzi paja, ndipo mmodzi wa amayi achikulirewo anandigwira chitenje akuseka.

"Mwayera lero, mwana wanga. Mwawatseka pakamwa onse."

"Ndayera bwanji, agogo?"

"Kodi kwanu kulibe mwambo? Mowa wa bona sagwira munthu wotentha. Amene akudziwana ndi mwamuna sayandikira pamgolo, kaya ndi wapabanja kaya ndani, ndiye wapakati n'kosanena. Mowa umasasa, womwalira amaukana. N'chifukwa chake tabwera ife okalamba. Inu kuti a Nambewe akuimikeni pamenepo, ndiye kuti palibe kanthu."

Phale linatsala pang'ono kundipulumuka. Za kutentha ndi kuzizira ndinali nditamvapo patalipatali, koma m'malaini a esiteti munali anthu a mitundu yonse, ndipo mayi anga ankati zimenezo n'zachikunja. Ndinabwerera pamgolo. Mutu unali balala. Kodi a Nambewe sakudziwa, ndipo ine ndikuononga mowa wa mwamuna wawo? Kapena akudziwa, ndipo akufuna mowa usase kuti ndiyaluke pamaso pa mudzi wonse? Kapena zonsezi n'zopanda pake, phala ndi phala basi, monga tinaphunzirira kukoleji? Ndinkakhulupirira zitatu zonsezi nthawi imodzi. Atabwera ndi mthiko ndinanong'ona.

"Mayi, pali zoti ndikuuzeni."

"Yengulani."

"Mayi, ine sindili..."

"Ndati yengula!" Aka kanali koyamba kundiyankhula mwa iwe, ngati mwana. "Taona likusefukira. Pakamwa potseka, dzanja pamwamba."

Ndinayengula. Dzuwa litapendeka ndinaona anthu awiri akubwera m'njira kuchokera kusukulu, a Gwaza ndi tayi yawo, ndi a Jailosi. A Jailosi anaima chiriri, kuyang'ana ine, kuyang'ana mgolo.

"Mlamu, mwawalola Madamu pamowa wa mng'ono wanga?"

"Maso muli nawo," anatero a Nambewe. "Ndimagona nawo nyumba imodzi. Ndani angawadziwe kuposa ine?"

A Jailosi anavula chipewa. Anatembenukira kwa a Gwaza nati, "Ahedi, kalata ija ng'ambani. Mlamu wangayu ndi wamwano, tonse tikudziwa, koma sangasewere ndi mowa wa mwamuna wake. Za amayi odzawaona Madamu zathera pompano." A Gwaza nkhope inamasuka, anakweza dzanja nafuula, "Madamu, ntchito yabwino!" Ine, ndi ulemu wanga wa kusukulu, ndinatembenuka n'kupinda mawondo kuti ndiyankhe, chipande chili m'manja. Chinamira. Chinalowa chonse mpaka chogwirira, phala lotentha linandinyambita zala ziwiri. Ndinachizula msanga, osakuwa ngakhale ndinapsa. Amuna aja anali atayamba kale kuyenda, achikulire aja ankawodzera, ndipo a Nambewe anali atandifulatira akuwaza nkhuni. Ndinapukuta zala pachitenje n'kupitiriza. Ndinati palibe waona.

Loweruka la sabata yomweyo

Lachinayi phala litazizira anathira chimera chotsiriza. Lachisanu anakuntha, kulekanitsa mowa ndi masese. Ine sanandiitanenso, ndipo sitinayankhulane zoposa moni. Masiku awiri amenewo ndinapempherera mowa. Tangoganizani, mayi wanu amene anakukwapulani chifukwa cha fungo la bawa, atagwada m'tchalitchi kupempha Mulungu kuti masese asasase! Pakati pa pempherolo ndinkadzifunsa ngati ndikupempha kwa woyenera, kapena ndikanapita kumanda kukapepesa kwa mwini mowa, munthu amene sindinamuonepo.

Loweruka m'mawa anthu anadzaza pabwalo la nyumba. A Jailosi anatunga chikho choyamba mumtsuko wa a Nambewe, anachikweza, anamwa. Ndinaona tsaya lawo likukokeka. Analavula. Anapatsa mlongo wawo, nayenso analavula. Mowa unali wosasa ngati matsukwa. Mlongo uja anayamba kulira mokweza kuti mchimwene wake womwalira uja wakana mowa.

Sanachedwe kuukhalira mlandu, pomwepo, anthu onse akumva. A Jailosi anafunsa amene anagwira mgolowo. Achikulire awiri aja palibe akanawaganizira. Tinatsala awiri. Maso onse anabwera kwa ine. A Nambewe anaimirira, anamanga chitenje, nayankhula ndi mawu awo aja omveka kutsidya la dambo.

"Madamu musawayang'ane. Anagwira thovu lokha, ndipo thovulo lili kudzala, kaoneni. Akufa samwa thovu. Pamowa weniweni sanakhudzepo, mthiko sanaugwire, moto sanaugwire. Zonsezo ndinagwira ndine."

"Ndiye mukuti chiyani, mlamu?" anafunsa a Jailosi.

"Ndanena zimene ndanena."

Mlongo uja anakuwa kuti ankadziwa kale, mkazi wofulula mowa amuna sachoka pakhomo pake, wayamba kulowetsa wina maliro a mchimwene wake asanathe. A Nambewe, amene sankalola ngakhale mbuzi kuwaposa mawu, anangokhala pansi. A Jailosi anatembenukira kwa ine, mwaulemu ndithu.

"Madamu, inu ndinu ophunzira, simunganame. N'zoona kuti munagwira thovu lokha?"

Ana anga, apa ndi pamene ndimafuna mufike. Zala ziwiri zinali ndi matuza, ndinali nditazibisa m'chitenje. Ndikanangozitulutsa. Ndikanati chipande chinamira, ndipo amene anachigwira ali ndi pakati pa miyezi itatu. Mayi uja akanatsala ndi nyumba yake ndi dzina lake, ine ndikananyamula sutikesi. Ndinayang'ana a Nambewe kuti mwina andipatsa chizindikiro, koma iwo ankayang'ana pansi. Sindinkadziwa ngati akunditeteza kapena akukhulupiriradi kuti ndine wozizira. Sindinkadziwa ngati mowa unasasa chifukwa cha ine. Chimene ndinkadziwa bwinobwino chinali chimodzi, dirowa la a Gwaza.

"N'zoona," ndinatero. "Thovu lokha."

Anathira pansi mowa wa banja lina. Patapita sabata ziwiri akuchimuna anawasudzula a Nambewe opanda kanthu. Munda wa mpunga anatenga mlongo uja, nyumba anapatsa mphwake wa a Jailosi, ndipo ine anandisamutsira kwa a Gwaza. Tsiku limene ankachoka ndinali m'kalasi pansi pa mango. Ndinawaona akudutsa m'njira, mgolo uli pamutu, mthiko uli m'manja. Sanacheuke, ndipo ine ndinapitiriza kuphunzitsa ana kuwerengera mpaka makumi awiri.

Zaka zotsatira

Ukwati unachitika mu Okutobala. Mu Disembala ndinapempha kutsata mwamuna ku Nkhotakota kumene anali atamusamutsira, ndipo kalata yonditsimikizira ntchito inandipeza kumeneko, iwe Lonjezo uli kumsana. Kuchoka uko tinapita ku Dowa, kumene ahedi ake ankatiwerengera ngakhale mphindi zopita kuchimbudzi, kenako ku Mchinji kumene ndinakhala wachiwiri kwa ahedi, mpaka ndinadzakhala hedi ndekha. Ndinaphunzitsa m'makalasi opanda denga, ndinalembetsa mayeso pamapepala a masaka a simenti, ndinapirira oyendera sukulu amene ankafika atakwiya kale. Nonse atatu munaphunzira ndi ntchito imeneyi. Pamene ndinali hedi, aphunzitsi atatu achitsikana anabwera mu ofesi mwanga ndi nkhani ngati yanga ija, ndipo palibe amene ndinamulembera kalata. Anthu ankati ndine wachifundo. Sichinali chifundo, anali manyazi.

Funso lija silinandisiye. Ku Dowa ndinafunsa mphunzitsi wa sayansi, ngati nkhani ya munthu wina. Anaseka nati mowa umasasa ndi kutentha kwa dzuwa, mgolo wosatsuka bwino kapena chimera chosauma, ndipo zala ziwiri m'phala lowira sizingachite kanthu. Ndinapepukidwa sabata imodzi. Kenako ndinafunsa mayi wina wamkulu wa mumpingo, woimba kwaya, ndipo anandigwira dzanja nati, "Zimenezo musamaseweretse, zimachitika." Ndinabwerera pomwe ndinali. Ndipo ngakhale wasayansiyo akhale wolondola, bodza langa pabwalo paja silinali la sayansi. Iwe Tadala unkandiseka kuti ndimathawa kukhitchini nyemba zikayamba kuchita thovu. Tsopano wadziwa.

Chaka chino, Juni

Mlandu suwola. Nditapuma ntchito ndinazengereza zaka ziwiri, kenako mwezi wa Juni ndinakwera minibasi osauza aliyense wa inu. Munkayesa ndili kumaliro ku Dowa. Ndinatsika pa Khombedza n'kuyamba kufunsa, ndikuyembekeza kuti andilozera manda. Wakabaza wachitatu anati, "A Nambewe a thobwa? Alipo, akulongolola mpaka pano." Ananditengera kumudzi kwawo, ulendo wa ola lathunthu. Ndinawapeza pakhonde la kanyumba ka udzu, atakalamba, diso limodzi litachita ng'ala, akupeta chimera. Mowa anasiya, amangophika thobwa logulitsa pamsika. Ndinagwada ndi mawondo anga ovutawa, ndinapereka moni, ndinayamba kufotokoza kuti ndine yani.

"Khanda lovala wotchi," anatero. "Mwanenepa."

Ndinalira ngati mwana. Ndinati ndabwera kudzanena zimene anandiletsa kunena pamgolo, kuti ndinali ndi pakati.

"Ndiye mwakwera minibasi kudzandiuza zimenezo? Khoma langa lakuseri linatha ndi ndani, chiswe chovala nsapato? Ndinadziwa inu musanadziwe."

"Nanga munandiimikiranji pamowa wa amuna anu?"

"Ndinamva za amayi odzakuonani. Ndinati mwana wa eni ake uyu, wosadziwa n'kusinja komwe, akamuchotsa ntchito akadya chiyani? Ndiye ndinaganiza mochenjera. Ndinati thovu n'lotaya, wotentha akagwira lokhalo womwalira sadziwa, koma amoyo aona. Ndinadziyesa wochenjera kuposa akufa."

Ndinatulutsa dzanja, ngakhale zipsera zinatha kalekale. "Mayi, chipande chinamira. Kamodzi. Zala zinakhudza."

"Ndinaona."

"Munali mutafulatira!"

"Wofulula amaona ndi makutu. Chipande chikamira chimalira mwina."

Ndinafunsa chifukwa chake sanataye mgolowo. Anati chimera china akanachitenga kuti chaka chimene chija. Ndinafunsa chifukwa chake sananene pabwalo. Anandiyang'ana ndi diso labwinolo ngati ndine wa Sitandade 1.

"Mukanayankhula, tikanapita tonse awiri. Inu wa mimba, ine woimika wa mimba pamowa wa mwamuna wanga ndikudziwa. Ndinali nditapsa kale. Ndinkangopemphera kuti musatsegule pakamwa panu pabwalo paja."

"Ndiye sindinalakwe?"

"Sindinatero. Munanama, ndipo munandisiya ndikudutsa ndi mgolo osabwera n'kudzanditula komwe. Chimenecho chinandiwawa kuposa munda."

Kenako ndinafunsa funso langa la zaka zonsezi, ngati mowa unasasa chifukwa cha ine. Anapeta kawiri katatu asanayankhe.

"Kaya. Mwina chipande. Mwina dzuwa, pakuti ndinaphika masana ngati wamisala pofuna kuti ahedi anu akuoneni. Mwina malemuwo anangokwiya, anali munthu wosachedwa kupsa mtima. Ndafulula migolo yosawerengeka, wosasa ndi umodzi womwewo. Mukadzadziwa mudzandiuze."

Ndinapita kukafuna yankho kwa mwini wake, ndipo ndinapeza kuti nayenso wakhala akudzifunsa zomwezo. Ponyamuka ndinawapatsa chitenje ndi shuga, anati shugayo ndi wochepa. Kenako anandigwira mkono.

"Anabadwa mwana wanji?"

"Wamkazi, mayi. Dzina lake Lonjezo. Ndi namwino, ali ndi ana awiri."

"Ndiye amene anadya munda wanga wa mpunga ameneyo." Anaseka mpaka kutsokomola. "Mukamuuze abwere ndidzamuone ngati anakhuta. Asachedwe, diso latsala limodzi."

Lonjezo, ndinawalonjeza kuti upita mvula isanagwe. Galimoto uli nayo. Ukafika pa Khombedza ufunse a Nambewe a thobwa, akabaza akulondolera. Akakutukwana usadabwe, ndi moni wawo. Usandifunse zoti ukanene, inenso sindikudziwa. Ungopita ukaime pamaso pawo, akakuone.